Nyumba ndi ya Amene Amasesa

1

Dzina langa ndine Eneless, koma anthu a ku Matero, mu Lusaka, amene ali ndi imvi lero amandikumbukira ndi dzina loti ba Laudisipika. Akonzi a magazini ino anandifunsa ngati ndikufuna kuti asinthe dzinali. Ndinawauza kuti asadzivutitse. Munthu amene anayaluka dzuwa likuswa mtengo, wadi yonse ikuonerera, sangabisale kuseri kwa dzina lobwereka.

Ndinali ndi nyumba. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa ndi zimene zimandipweteka mpaka lero. Inali nyumba ya khonsolo, Nambala 62, ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, mtengo wa mango pakhomo. Kadi ya nyumbayo inali m'dzina langa, anandisiyira ndi malemu bambo anga. Mwamuna wanga Goliati anangolowamo ndi sutikesi ndi wailesi.

Musanyengeke ndi dzinalo. Goliati ankandilekeza m'khwapa, ndipo mawu ake ankatha asanafike pageti. Kampani ya boma imene ankagwirako itagulitsidwa, anamuchotsa ntchito pamodzi ndi anzake mazana. Kuchokera tsiku limenelo anatenga mpando wachitsulo, nkuuika pansi pa mango, nkukhala. Mulungu sanatipatse mwana, choncho panalibe womusokoneza.

Ine ndiye sindinkakhala pansi. Zaka khumi ndinavinira chipani chakale, ndikuimitsa amayi pachipata cha msika kuti aonetse kadi ya chipani asanagule tomato. Mu 1991 nditaona kumene mphepo ikulowera, chitenje chakalecho ndinachisandutsa chokolopera, nkuvala chatsopano. Nyimbo sindinasinthe, ndinangochotsamo mayina nkuikamo ena. Pasanathe chaka ndinali cheyaledi, wapampando wa amayi a nthambi, chimkuzamawu m'manja.

Ntchito za chipani zitayamba kundigoneka kunja, ndinakatenga mng'ono wanga Monalisa ku Katete, mwana wa amayi aang'ono, kuti azisamala pakhomo. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wosalankhulalankhula, wogwada popereka madzi. Ndinamuphunzitsa zonse kupatula chimodzi. Ine ndine wamanzere, ndipo amayi anandiphunzitsa kusesa kojambula, kuwaza madzi kaye kenako nkusiya mizere pansi ngati mchira wa nkhukundembo. Mizere ya akazi ena onse imakhotera kumanja, yanga yokha imakhotera kumanzere. Amayi a mumzere wathu ankaima pageti kuisirira, ine nkumadzimva.

2

Mu 1996, chisankho chikununkhira, wailesi inalengeza kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwa kwa anthu okhalamo, pamtengo woti ngakhale wogulitsa makala akanakwanitsa. Mawu amene anabwera ndi nkhaniyo anali achingerezi, oti sitingi tenanti, kutanthauza munthu amene akukhala m'nyumbamo. Matero yonse inawatafuna mawuwo ngati nzimbe.

"Sitingi ni kunkhala pansi," anatero Goliati ali pampando wake. "Ninshi ine napasa kale."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndikanadziwa, ndikanasunga mpweyawo.

Vuto linali lakuti nyumba zambiri zinali ndi eni awiri. Wina anali ndi kadi koma anaikamo munthu wa lendi nkupita kukakhala kwina. Wina analibe kadi koma ndiye ankagonamo. Anthu amene ankabwerekana mchere anayamba kutemana ndi maso. Pofuna kuthetsa mikanganoyo, wadi yathu inasankha komiti yoti iziyendera nyumba zokanganidwa nkutumiza mayina kukhonsolo. Wapampando anali ba Kafula, hedimasitala wopuma, munthu amene lamulo likangolembedwa ankalitsata ngati njanji.

Apa ndi pamene akulowera ba Jackson. Ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, ndipo ankafuna kuimira wadi yathu ngati khansala. Anali wamtali, wonunkhira sopo wa ku Joni, wodziwa kumuyang'ana mkazi ngati akumvadi zimene akunena. Mkazi wake ankati ali ku Kabwe. Iye ankachita lendi pa Nambala 14, kuseri kwa msika, nyumba ya mpanda wa mitengo yowirira.

Kadi ya Nambala 14 inali ya ba Mwanabibi, mayi wachisilamu, wamasiye wa telala wotchedwa Twalibu. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, koma iwo anabadwira mu Matero momwemo. Amuna awo atamwalira, anaika ba Jackson m'nyumbamo kuti apezeko fizi ya mwana wawo Hafswa, iwo nkukapanikizana m'kachipinda ku komboni ya George.

"Ba Cheyaledi," anandiuza ba Jackson tsiku lina tikuchokera kumsonkhano, "khansala angankhale bwanji wopanda nyumba mu wadi yake? Imwe muli na pakamwa. Ganizani kanthu."

Ndinaganiza kanthu. Chifukwa chimene ndinaganizira mwachangu chonchi ndikuuzani kutsogoloku, pirirani.

3

Kukopa anthu sikufuna nzeru zambiri. Umangopeza chinthu chimene akudziwa kale, nkuwabwezera ngati wachitulukira ndiwe. Mkazi aliyense wa m'komboni amadziwa kuti m'mawa uliwonse, tambala akangotsika, pakhomo pamamveka tsache. Ku Lusaka kusesa timati kupyanga. Ndinayambira pampopi, pamene amayi amakhala pamzere ndi zigubu zawo.

"Bamayo, niuzeni," ndinatero, "kadi ipyanga?"

"Siipyanga."

"Kadi ichosa vinyalala mu ngalande mvula ikabwela?"

"Awe."

"Manje nyumba ni ya ndani?"

Anayang'anana. Kenako Hilda, wogulitsa tinsomba ta kapenta, amene ankakhala moyang'anana ndi Nambala 14, anayankha monga ndinamukonzera dzulo lake. "Nyumba ni ya amene apyanga."

Pofika Loweruka mawuwo anali nyimbo, ya maimbidwe a kutchalitchi amene aliyense ankawadziwa. Ana ankaiimba podumpha chingwe. Makondakitala a minibasi ankaikuwa pa siteshoni. Pamsonkhano wa wadi ndinaimirira ndi chimkuzamawu nkupempha kuti likhale lamulo, loti komiti ikafika panyumba isafunse kadi, ifunse mboni zitatu zoyandikana kuti amasesa pakhomopo ndani. Manja anakwera ngati chimanga. Ba Kafula anavala magalasi, nkulemba m'buku lawo lachikuto chakuda.

"Mwaganiza bwino, ba Cheyaledi?" anandifunsa. "Lamulo silimaziba mwine wake."

"Lembani chabe, ba Hedi."

Nyimbo yokha sinakwane, chifukwa ba Mwanabibi anali munthu wokondedwa. Theka la madiresi a ukwati a mu Matero anasokedwa pakhonde pawo. Choncho ndinawonjezera kamchere. Chaka chimenecho nkhani yakuti makolo a uje anabadwira kuti inali m'kamwa mwa aliyense, ndipo ine ndinangoitsitsira pampopi. Sindinanene kuti iwo ndi mlendo. Ndinkangofunsa kuti kodi nyumba za boma lathu zingagulidwe ndi anthu a kwina, kenako nkusenza chigubu changa nkumapita.

Ba Mwanabibi anandipeza kumsika Lachinayi lina, atafunda mpango woyera. Chinyanja chawo chinali cha kwawo kwa makolo, chosathamanga.

"Mayi Eneless, diresi lanu la ukwati anasoka ndi bambo ake a Hafswa. Munalipira theka, theka linalo anati ndi mphatso. Ndakulakwirani chiyani?"

"Ni lamulo ya boma, bamayo. Si ine."

"Boma lanena za tsache?"

"Banthu ndiye boma."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana dzanja limene ndinanyamulira dengu. Anatembenuka nkumapita. Ndinamva manyazi pang'ono, koma manyazi a wandale amatha msanga kuposa thovu la sopo.

4

Tsiku loyendera nyumba linali Loweruka la mwezi wa Ogasiti, kuli mphepo ya fumbi. Ndinafika pa sukulu pamene tinkakumana nthawi itatsala pang'ono, mapazi atatuwa, nkupempha madzi kuti nditsukeko. Ba Kafula anali patsogolo ndi buku lawo, komiti pambuyo, kenako amayi anga a nyimbo, kenako aliyense amene analibe chochita, kutanthauza Matero yonse. Ngakhale Goliati anasiya mpando wake nkumatsatira kumapeto kwa gulu.

Nyumba zisanu zoyamba zinayenda ngati madzi. Tsache linapambana, kadi inagwa. Bambo wina wa ku Chawama anang'amba kadi yake pamaso pathu nkukhala pansi m'ngalande. Ife tinamuimbira.

Pa Nambala 14 tinapeza ba Jackson ataima pakhonde, atavala suti. Pabwalo panali poyera, powazidwa madzi, popanda ngakhale tsamba limodzi. Ba Mwanabibi anali ataima pambali pageti, atanyamula chinthu chokulunga m'nyuzipepala.

"Apyanga pano ni ndani?" anafunsa ba Kafula.

"Nine, ba Hedi," anayankha ba Jackson. "Nine mbeta muno mu Lusaka. Nipyanga neka."

Mboni zinali zitatsegula kale pakamwa kuti zivomere pamene ba Mwanabibi anakweza dzanja. "Ndisanaluze nyumba ya amuna anga, ndipemphe chinthu chimodzi. Aliyense aime pomwe alipo, asaponde pabwalopo." Anamasula nyuzipepala ija. Munali tsache latsopano. Analipereka kwa ba Jackson ndi manja awiri, atagwada pang'ono. "Tasesani apa pokha, bambo, tione."

Ba Jackson analigwira tsachelo ngati munthu amene wapatsidwa khanda la eni. Anawerama, suti ikukana, nkukwapula pansi kawiri. Fumbi linabwerera pansapato zake. Amayi anayamba kuseka chamumtima.

"Zikomo," anatero ba Mwanabibi. "Tsopano a Hedi, taonani mizere ya amene wasesa pano m'mawa uno. Ine ndakhala pafupi ndi telala zaka makumi awiri, ndimadziwa kuti dzanja lililonse lili ndi msoko wake. Iyi ikukhotera kuti?"

Ba Kafula anatsitsa magalasi pamphuno, nkuwerama. "Kumanzele."

Palibe amene anatchula dzina. Mitu yokha ndiyo inatembenuka, umodzi umodzi, mpaka yonse inaloza kwa ine. Ndinali nditaima pakati pa msewu, chimkuzamawu chili m'dzanja lamanzere.

5

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuchizungulira. Misonkhano ya ku Kafue ndi ku Chongwe imene ndinkauza Goliati inalipodi, koma inkatha masana. Miyezi isanu ndi itatu ndinkagona pa Nambala 14. Ba Jackson anandilonjeza kuti nyumba ikatuluka m'dzina lawo, wa ku Kabwe amulembera kalata yomusudzula, ine ndidzakhala mayi khansala wa nyumba ziwiri. Ndinkamukonda munthuyo, ndisaname, ndinkamukonda ngati mtsikana wa sukulu.

Ndinkasamala zonse. Ndinkalowera kumbuyo, ndinkatuluka anthu asanadzuke, zovala zanga sindinkayanika panja. Koma mkazi woleredwa ndi amayi anga sangatuluke pakhomo pamene wagona nkusiya masamba a dzulo. Dzanja linkangopita lokha kutsache. M'mawa wa tsikulo ndinasesa mwaluso kuposa masiku onse, kuti komiti ione kuti ba Jackson ndi munthu waukhondo.

"Ba Hilda," anatero ba Kafula, "imwe munkhala apa pafupi. Apyanga pano ni ndani?"

Hilda anayang'ana pansi. "Ni ba Cheyaledi."

"Nanga bwanji simunakambe?"

"Tenze tinapangana kuti tikambe chabe ngati batifunsa kabili."

Mboni ziwiri zinazo zinavomera. Zinapezeka kuti msika wonse unkadziwa kuyambira mwezi woyamba, ndipo ankangondisungira ulemu wa chimkuzamawu.

Ba Kafula anatsegula buku. "Lamulo likamba kuti nyumba ni ya amene apyanga. Ba Cheyaledi, mukavomela kuti munkhala muno, nilemba zina yanu pa Nambala 14. Munkhala muno?"

Taganizani. Ndikanangoti inde, nyumba inali yanga. Koma kumapeto kwa gulu kunali Goliati, ataimirira pa mwala kuti aone bwino, ndipo pakati pa gulu panali amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu. Ndikanati ayi, mizere inali pansi ikunditsutsa. Ndinayang'ana ba Jackson kuti andithandize.

Anandithandizadi. Anakonza tayi, nkumwetulira gulu lonse la ovota. "Ba Hedi, tisaononge zina ya munthu. Aba ni ba meidi chabe. Bamabwela m'mawa kupyanga, nabapasako ka salaula. Ine nili na madamu ku Kabwe."

Meidi. Ine amene ndinamupangira nyimbo, ine amene ndinkamusita malaya amene anavala pansi pa sutiyo. Chimkuzamawu chinandilemera mpaka ndinachitsitsa.

Ba Kafula anaganiza pang'ono, akugogoda cholembera pamano. "Wanchito sangatenge nyumba ya bwana. Bwana nayenso sapyanga, taona tonse. Ninshi pano palibe wopyanga wamene angaitenge. Ibwelela ku kadi." Analemba dzina la ba Mwanabibi. Iwo sanalulute, sanandiyang'ane nkomwe. Anatola tsache lawo pamene ba Jackson analiponya, nkuyamba kufafaniza mizere yanga kuyambira pageti.

6

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Ndinatembenuka kuti ndizipita kwathu, koma ndinaona kuti gulu lonse likupita komweko.

"Ku 62 kulibe mukangano," ndinauza ba Kafula.

"Unalembewa mailo," anayankha osandiyang'ana, kutanthauza dzulo lake.

Pakhomo panga panali posesedwa bwino, mizere yonse ikukhotera kumanja. Monalisa anali ataima pakhonde, atavala juzi yaikulu ya Goliati ya kuntchito. Mboni sizinadikire kufunsidwa kawiri. Miyezi isanu ndi itatu, tsache la pa Nambala 62 linali m'manja mwa Monalisa.

"Kadi ni yanga," ndinakuwa. "Ni ya batate banga."

Sindikudziwa amene anayambitsa. Ndikuganiza kuti anali Hilda. Inayamba pansipansi, kenako amayi onse anailandira, ndi mawu anayi monga ndinawaphunzitsira. Kadi siipyanga, nyumba ni ya amene apyanga. Kunena zoona anaimba bwino kwambiri tsiku limenelo.

Nzeru inandibwerera mochedwa. "Ba Hedi, mwakamba mweka kuti wanchito sangatenge nyumba. Uyu nenze namuleta kuti azisebenza. Ni meidi naye."

Ba Kafula anagwedeza mutu, cholembera chili m'mwamba. Ndinaona kuti ndawagwira ndi lamulo lawo lomwe. Pamenepo ndi pamene Goliati anadutsa pakati pa gulu, nkukwera pakhonde, nkuima pambali pa Monalisa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, ndinali ndisanamumvepo akulankhula mawu ofika pageti.

"Si meidi."

Monalisa anavula juzi ija pang'onopang'ono, nkuipinda, nkuiika pampando wachitsulo. Mimba inali ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ine amene ndinkadziwa chinsinsi cha nyumba iliyonse mu wadi, ya m'nyumba mwanga ndinaionera limodzi ndi makondakitala.

"Sisi, munikhululukile," anatero Monalisa atagwada, ulemu wake wonse uli pomwepo. "Munaniuza kuti nisamale vonse."

"Ba Hedi," anawonjezera Goliati, "ine nankhala, uyu apyanga, na sitingi tenanti wina ali munjila. Lembani."

Ba Kafula analemba.

7

Ndinayesa kudandaula kumaofesi. Kulikonse ankanditulutsira pepala la msonkhano wa wadi, pamene panalembedwa kuti wopereka ganizo la tsache anali mayi E., cheyaledi. Ba Jackson anapambana chisankho ndi nyimbo zanga zomwe, ndipo madamu a ku Kabwe anabwera kudzakhala nawo m'nyumba ina yaikulu. Chimkuzamawu anachipatsa Hilda.

Matero inasintha, ndipo sindinganame kuti inasintha moipa mokha. Amayi amasiye amene ankaopa kalata ya khonsolo anagona tulo. Ba Mwanabibi anamanga zipinda zitatu kumbuyo, mwana wawo Hafswa anamaliza sukulu ya unamwino. Koma aliyense atangolandira pepala la nyumba anamanga mpanda wa njerwa ndi magalasi osweka pamwamba, ndipo pali mabanja amene mpaka lero sapatsana moni chifukwa cha nyimbo imene ndinaipeka ndikutsuka mbale za mwamuna wa mwini.

Inu owerenga, makamaka inu a pakamwa potsetsereka amene zipani zimakufunani chaka cha chisankho, akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwa pakati pa Nambala 14 ndi Nambala 62. Koma chimene ndikufuna mutenge si chimenecho chokha. Lamulo limene mukulikuwira kuti ligwetse mnzanu, liyeseni kaye pakhomo panu, chifukwa anthu mukawaphunzitsa nyimbo saiwala, ndipo safunsa kuti lero tikuimbira ndani. Mukamva wina akufunsa pampopi kumene makolo a mnzake anabadwira, muyang'aneni kumapazi ngati sanatuwe ndi fumbi la pakhomo pa eni.

Lero ndimachita lendi kachipinda ku George, khomo lake lotulukira mumsewu, popanda bwalo loti nkusesa. Ndimagulitsa matsache pamsika, ndipo amayi amati ndimadziwa kusankha.

Mwezi watha ndinadutsa pa Nambala 62 m'mawa, ndikupita kukaoda. Geti linali lotsekula. Mtengo wa mango ulipobe, mpando wachitsulo ulipobe, mwini wake ali pomwepo, imvi zili mbuu. Pabwalo panali kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri, kakusesa kojambula, katawaza madzi kaye. Magazi a kwa amayi anga sasochera, kankagwira tsache ndi dzanja lamanzere.

Kanandiona nditaima, nkubwera pageti, nkupinda bondo.

"Mufuna bandani, ba anti?"

Ndinayang'ana mizere ija, yonse ikukhotera kumene inkakhotera kale.

"Palibe, mwana wanga," ndinatero. "Nasoba chabe nyumba."